Damu timamanga tonse, nanga malaiti ochipa amapita kwa ndani?

Vidiyo ija munaponya pa TikTok usiku wathawu, mavoisi noti a pa WhatsApp, zithunzi za pa kicheni pati zimene foni inakuuzani kuti yazisunga mu cloud, zonsezo sizili kumitambo ayi. Zili m'nyumba. Ni cinyumba cacitali ngati mashedi a cimanga a FRA, copanda mawindo, codzala na makompyuta masauzande osanjikizana m'mashelufu, oyaka usana na usiku. Amacicha data center. Makompyuta amenewo amadya malaiti, akadya amapya, ndiye pamafunikanso malaiti ena na madzi owazizilitsa. Bungwe la International Energy Agency linawelengela kuti mu 2024 nyumba zotelezi zinadya pafupifupi 1.5 pelesenti ya malaiti onse a pa dziko lapansi, ndipo likuti pofika 2030 njala yake idzakhala itawilikiza kawili, maka-maka cifukwa ca AI.

Eni ake a zikulu-zikulu mwa nyumbazi mumawadziwa: Google, Microsoft, Amazon na Meta, mwini wa Facebook na WhatsApp. Ni ena mwa makampani olemela kopambana pa dziko lonse. Codabwitsa n'cakuti akafuna malo omangapo, maboma amacita kupikisana powagwadila. Uyu ati bwelani kuno simudzalipila msonkho, uyo ati kuno malaiti ni ochipa, winanso ati malo tikupatsani pa mtengo wa pacibale. Ife tikuona kuti kumeneku ni kucotsa ndiwo m'mbale ya mwana n'kuika m'mbale ya munthu amene wakhuta kale. Tifuna acinyamata a kuno aimvetse nkhaniyi lomba, alendowo asanagogode pa khomo lathu. Ndipo kuti imveke bwino, tiyambe tapita kutali, ku katauni kena ka ku America kumene zonsezi zinacitika kale.

Dzina lake ni The Dalles. Kali m'cigawo ca Oregon, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Columbia, ndipo kali na anthu pafupifupi 16,000, oti mutawalowetsa onse mu National Heroes Stadium sangafike olo theka. Pafupi na katauniko pali damu imene boma la America linamanga na ndalama za misonkho. Pa 10 March 1957 anatseka zipata za damuyo, ndipo m'maola ocepa cabe madzi anamiza mathithi a Celilo. Pa mathithi amenewo eni nthaka, makolo a mitundu monga Yakama, Umatilla na Nez Perce, anali kugwilapo nsomba za salmon kwa zaka masauzande. Panali pa msika wawo, panali pa munda wawo, panalinso malo opatulika. Lelo pali madzi a zii. Umenewo ndiwo mtengo woyamba wa malaiti ochipa a kumeneko, ndipo amene anaulipila sanafunsidwe mokwanila.

Malaiti a m'madamu a boma a pa mtsinjewo amagulitsidwa na bungwe la boma lochedwa Bonneville Power Administration, limene linakhazikitsidwa mu 1937. Colinga cake cinali comveka: madamu ni a anthu onse, conco malaiti azigulitsidwa pa mtengo wongobweza zimene zawonongedwa, ndipo oyamba kupatsidwa akhale mabungwe a malaiti a anthu eni ake, a m'matauni na m'mafamu. N'cifukwa cake malaiti a m'dela limenelo ni ena mwa ochipa kwambili mu America. Oyamba kununkhiza kuchipako anali mafakitale osungunula aluminiyamu. Ku The Dalles kunali imodzi, imene inalemba anthu mazana-mazana kwa zaka zoposa 40, mpaka pamene inatsekedwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, mitengo ya malaiti itakwela. Tauni inagwa mphwayi. Amene anakulila ku Luanshya kapena ku Kabwe mgodi utatsekedwa safunika kuwafotokozela mmene tauni yotele imaonekela.

Mu 2005 kunabwela mlendo wosachula dzina. Anali kukambilana na akulu-akulu a tauni kupitila m'kampani yochedwa Design LLC, ndipo nchito yonse inali kuchedwa Project 02. Akulu-akuluwo anasaina mapepala olonjeza kusunga cinsinsi. Mlendoyo anafuna malo m'mbali mwa mtsinje, malaiti ochipa, nthambo za intaneti zimene tauniyo inali itayala kale na ndalama za boma, komanso zaka 15 zosalipila msonkho wa nyumba na makina ake. Zonse anapatsidwa. Mu 2006 cinyumba cinatsegulidwa, ndipo anthu anadziwa kuti mlendo uja ni Google. Iyi inali data center yoyamba imene Google inadzimangila yokha.

Tisawaseke akulu-akulu a ku The Dalles. Munthu wanjala sasankha mbale. Koma tiyeni tione zimene zinatulukamo. Malinga na nyuzipepala ya The Oregonian, misonkho imene Google inakhululukidwa kumeneko inapyola madola 200 miliyoni, pamene nchito zokhazikika zinali ca m'ma 200. Gawani nokha pa foni yanuyo: nchito imodzi inagulidwa na ndalama zopyola madola 1 miliyoni. Zimenezo ni ndalama zimene zikanapita ku masukulu, ku misewu na ku ozimitsa moto a m'delalo.

Kenako panabuka nkhani ya madzi. Mu 2021 Google inafuna kumanga zinyumba zina, ndipo khonsolo inafunika kuvomeleza pangano latsopano la madzi. Dela limenelo ni louma, alimi a zipatso amadalila kuthilila, ndipo anthu anafunsa funso losavuta: kodi Google imamwa madzi oculuka bwanji? Khonsolo inati cimeneco ni cinsinsi ca malonda. The Oregonian itapempha ziwelengelozo mwalamulo, khonsolo inaitengela nyuzipepalayo ku khoti kuti isaziulule, ndipo ndalama za maloya a khonsolo inali kulipila ni Google. Imani kaye pamenepa. Khonsolo yosankhidwa na anthu inapita ku khoti kukaletsa anthu omwewo kudziwa mmene madzi awo akuthela. Mlanduwo unatha mu December 2022 pamene anagonja n'kuulula. Zinapezeka kuti mu 2021 Google inaseweletsa magaloni 355 miliyoni, kapena kuti malita opyola 1.3 biliyoni, imene inali 29 pelesenti ya madzi onse a tauniyo. Pa zidebe khumi zilizonse, pafupifupi zitatu zinali kupita kukazizilitsa makompyuta.

Kukamba cilungamo, Google inavomela kulipila madola 28.5 miliyoni okonzela mapaipi na zitsime za tauniyo, ndipo pa zinyumba zatsopano pangano la msonkho linakhala labwinoko kuposa loyamba. Koma onani nthawi imene zinthu zinayamba kuwongokela: ni pamene anthu anayamba kufunsa, atolankhani n'kukana kukhala cete.

Mawu akuti sabuside ambili a ife timawamva pa feteleza wa FISP kapena pa mafuta a galimoto, ndiye timaganiza kuti ni ndalama zimene boma limatulutsa m'thumba n'kupeleka pamanja. Sabuside ya makampani aakulu siioneka conco. Imabwela ngati msonkho umene sunatoleledwe, ndipo ndalama imene sinalowe siilembedwa pa bajeti ngati yotuluka, conco palibe amene amaililila. Imabwelanso ngati mtengo wa yuniti. Damu inamangidwa na misonkho kapena na nkhongole imene dziko lonse likubweza, anthu anasamutsidwa, mtsinje unasinthidwa, ndiye kampani imabwela pamapeto n'kugula malaitiwo pa mtengo wosawelengela zonsezo. Nthawi zina imabisala m'mapolo na m'masabusiteshoni: kampani ya malaiti imamanga nthambo zatsopano cifukwa ca kasitomala mmodzi wamkulu, koma mtengo wake n'kuumwaza pa mabilu a onse, mpaka ambuya a ku komboni amene ali na mababu awili na wailesi.

Oikila kumbuyo mapangano otelewa ali na liwu limodzi limene amalikonda: nchito. Tiyeni tiliyese pa sikelo. Cigawo ca Virginia, kufupi na Washington, ndico cili na madata center ambili kuposa malo ena alionse pa dziko. Kumeneko kampani ikaika madola 150 miliyoni n'kulemba anthu 50, siilipila msonkho pogula makompyuta na makina ake. Ofesi yofufuza ya nyumba ya malamulo ya cigawoco inatulutsa lipoti mu December 2024, ndipo inapeza kuti m'caka cimodzi cabe ca 2023 msonkho wokhululukidwawo unafika madola 928 miliyoni. Inapezanso kuti pomanga cinyumba cimodzi pamatha kukhala anthu 1,500, koma kwa caka cimodzi kapena caka na theka cabe. Cikatha kumangidwa pamatsala anthu pafupifupi 50: alonda, okonza malaiti, oyang'anila zozizilitsa, na akatswili ocepa a makompyuta. Supamaketi imodzi yaikulu ya mu Lusaka ingapose pamenepo. Amene amalemba mapulogilamu n'kulandila malipilo aja timamva sakhala m'zinyumbazi. Ali ku California, ku Seattle, ku Dublin na ku Bangalore.

Mbali ina ya nkhaniyi nayo iliko, ndipo sitiibisa. Dela la Loudoun ku Virginia komweko limapeza gawo lalikulu la ndalama zake ku misonkho ya madata center, ndipo lamangila masukulu na ndalamazo. Koma zatheka cifukwa msonkho wa katundu sanaukhululuke ngati mmene anacitila a ku The Dalles. Lipoti lija linakambanso kuti pakali pano makampaniwo akulipila gawo lawo la malaiti, koma linacenjeza kuti cifukwa ca magetsi atsopano na nthambo zimene zifunika kumangidwa, bilu ya nyumba wamba ingakwele na madola 14 mpaka 37 pa mwezi pofika 2040. Ndiye phindu lilipo pamene boma lalimba mtima kutolela, ndipo ngakhale pamenepo mtolo wina umagwela munthu wamba.

Ena anayamba mwaulemu n'kumaliza akudziluma cala. Ku Ireland madata center anali kudya 5 pelesenti ya malaiti a dziko mu 2015. Pofika 2023 anali pa 21 pelesenti, kuposa nyumba zonse za m'matauni a dzikolo kuziphatikiza pamodzi, mpaka kampani yoyendetsa nthambo za malaiti inaleka kulumikiza atsopano kuzungulila Dublin. Sweden, imene inakopa Facebook ku tauni yozizila ya Luleå, inatsitsa msonkho wa malaiti wa madata center pafupifupi wonse mu 2017, koma mu July 2023 inaubwezeletsa. Oregon yeniyeniyo mu 2025 inapanga lamulo loika ogula malaiti aakulu otelewa m'gulu lawolawo la mitengo, kuti mtolo wawo usamagwele nyumba za anthu. Awa ni maiko olemela, okhala na maloya na akatswili odzaza maofesi, koma anafunika zaka kuti aone kuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyelele.

Mwina wina afunsa kuti, nanga ife za ku Oregon zitikhudza bwanji? Welenganinso nkhani ya mathithi a Celilo ija, mucotsepo dzina la Columbia muikepo Zambezi. Caka cotsatila, mu December 1958, khoma la Kariba linatsekedwa, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a m'cigwa ca Gwembe, tsidya lino na tsidya linalo, anasamutsidwa. Mu September 1958 apolisi a atsamunda anaombela anthu a mfumu Chipepo amene anakana kucoka, ndipo 8 anafa. Damuyo inamangidwa maka-maka kuti ipeleke malaiti ku migodi ya ku Copperbelt na ku mafakitale a ku Southern Rhodesia. Midzi yambili ya anthu osamutsidwawo inakhala zaka makumi ikuona nthambo zikudutsa pamwamba, iwo akuunikila koloboyi. Nkhani ya malaiti ochipa a kampani yaikulu ife sitiiwelenga m'mabuku a eni. Tinabadwilamo.

Ndipo sinathele pa atsamunda. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa, maka-maka mu 2000, boma linasaina mapangano na ogulawo amene anthu sanaloledwe kuwaona. Atatulukila poyela ca m'ma 2007, tinadziwa kuti msonkho wa pa mkuwa wokumbidwa unali 0.6 pelesenti cabe, ndipo boma linalonjeza kusasintha zimenezo kwa zaka 15 mpaka 20. Mtengo wa mkuwa unali utakwela kale kowilikiza, koma ife tinali kungoona magalimoto akutuluka. Boma la a Levy Mwanawasa linathetsa mapanganowo mu 2008 n'kukweza msonkhowo kufika pa 3 pelesenti. Pa malaiti napo nkhondo inaliko. Mu August 2017, mtengo wa migodi utakwezedwa kufika pa masenti 9.3 a ku America pa yuniti, Mopani inakana kulipila, Copperbelt Energy Corporation inacepetsa malaiti opita ku mgodiwo, ndipo Mopani inaopseza kucotsa anthu 4,700 pa nchito. Anagwilizana pambuyo pake, koma phunzilo linatsala: kampani ikazolowela mtengo wotsika, tsiku lofuna kuukweza imagwila anchito ake ngati cishango. Kusiyana kwake n'kwakuti mgodi uli na anchito masauzande enieni, ndipo mkuwa sungaunyamule kupita nawo dziko lina ukali pansi. Data center ili na anthu 50, ndipo makompyuta ake amasinthidwa pakapita zaka zocepa. Ikakwiya, imangoleka kugula atsopano kuno n'kukawaika kwina.

Manje tifike pa cimene ife tikuona kuti ndico cacikulu kuposa mtengo, cimene sicilembedwa m'manyuzipepala pa tsiku lodula liboni. Ni malo pa mzele. Data center siigona. Pangano lake na makasitomala ake n'lakuti makompyuta asazime olo mphindi imodzi, conco nayonso imafuna pangano la malaiti osazima. Ili na majenileta a dizilo, inde, koma amenewo ni a ngozi ya maola ocepa, osati a cilala ca miyezi isanu na umodzi. M'dziko limene malaiti ni okwanila, zimenezo zilibe vuto. M'dziko limene malaiti opyola 80 pelesenti amacokela ku madzi, ndipo madziwo amadalila mvula, kulonjeza munthu mmodzi kuti iwe sudzazimilidwa ni kulonjeza ena onse kuti inu mudzazimilidwa kowonjezela.

Tonse tikukumbukila 2024. Pa 29 February a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Load shedding inayamba na maola 8 mu March, inakwela-kwela mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo ca mu October pa makina 6 a ku Kariba North Bank, amene onse pamodzi amatulutsa mamegawati 1,080, amodzi cabe ndiwo anali kuzungulila. Pa mapulogilamu oimba foni pa wailesi, mawu anali amodzimodzi tsiku na tsiku: wowochelela zitseko amene anali kugona ku shopu kuyembekezela malaiti a pakati pa usiku, mtsikana wa saluni amene makasitomala anamuthawa, amayi a mafiliziti na nkhuku zimene zinaolela mu filiji, mnyamata wa babashopu amene anagula jenseti pa kaloba. Mtengo wa malasha unakwela, mitengo ya m'nkhalango n'kumapita. Pa nthawi yonseyo migodi, imene imadya pafupifupi theka la malaiti a dziko lino, inatetezedwa kuposa nyumba, cifukwa ndiyo imabweletsa madola ndipo mgodi ukazima madzi amadzala pansi. Kaya mugwilizana nazo kaya simugwilizana nazo, pali cifukwa cimene munthu angacifotokoze. Nanga tikawonjezapo mlendo wina patsogolo pa mzelewo, cifukwa cake cidzakhala ciani?

Tiyeni ticite masamu a pa kantemba. Data center yaikulu ya masiku ano imatha kufuna mamegawati 100, ndipo za AI zimene akumanga lomba zimapyola pamenepo kutali. Mamegawati 100 oyaka maola 24 kwa masiku 30 ni mayunitsi 72 miliyoni pa mwezi. Ngati nyumba imodzi imagula mayunitsi 200 pa mwezi, amenewo ni malaiti a nyumba 360,000. Dziko lathu lonse, makina onse atayaka bwino-bwino, mu 2024 linali na mamegawati osafika 4,000, ndipo anthu ambili a kumidzi sanalumikizidwe n'komwe. Cinanso, boma likufuna kuti mkuwa ufike matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031, ndipo cimodzi mwa zinthu zimene zikukweza mtengo wa mkuwa ni madata center omwewa, cifukwa nthambo zawo ni za mkuwa. Migodi yatsopano idzafuna malaiti enanso. M'phika umenewu uli kale na eni ake ambili.

Pofika lelo makampani anayi aja sanamange cinyumba cotele mu Zambia. Koma ali pafupi. Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg na ku Cape Town mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Mu May 2024, pamene a William Ruto anali pa ulendo wa boma ku Washington, Microsoft na kampani ya G42 ya ku Abu Dhabi analengeza za madola 1 biliyoni zomangila data center ku Olkaria ku Kenya, kumene malaiti amacokela ku nthunzi ya pansi pa nthaka. Amene amafuna malaiti osacokela ku malasha a miyala amayang'ana mapu a mitsinje, ndipo pa mapu amenewo Zambezi na Kafue zimaoneka bwino. Tili na malamulo okopa oika ndalama, tili na ZDA, tili na madela a MFEZ kumene misonkho imatsitsidwa kale. Tsiku lina mvula ikadzagwa bwino zaka ziwili zotsatizana, Kariba n'kudzala, tidzamva kuti tili na malaiti otsala, ndipo wina adzabwela na cikwama na mapepala a cinsinsi. Pangano lidzakhala la zaka 15 kapena 20. Cilala sicidikila zaka 20. Tinaciona mu 2015, mu 2019 na mu 2024.

Tisamveke molakwa. Ife sitidana na intaneti, ndipo nkhani ino mukuiwelenga cifukwa ca data center ina yake. Dziko lifunika malo osungilamo zinthu zake: za mabanki, za mobile money, za zipatala, za maregi. Tili nayo National Data Centre ku Lusaka imene Huawei inamanga, ndipo pali zina zing'ono-zing'ono za makampani a mafoni na intaneti. Zimenezo zimatumikila ife, ndipo njala yake ni yocepa. Cina ni cinyumba ca mamegawati mazana cophunzitsila AI ya kampani ya kunja, cimene makasitomala ake ali ku Europe na ku America. Cimeneco ni kugulitsa malaiti kunja kwa dziko kupitila m'nthambo ya intaneti. Ngati tifuna kugulitsa, tigulitse, koma pa mtengo wa malonda, osati wa cifundo.

Citsanzo ca mmene mlendo wanjala ya malaiti angakhalile bwino pa mudzi cili konkuno, ngakhale kuti n'cacing'ono. Ku Ikelenge, kufupi na gwelo la Zambezi, kuli kasiteshoni ka malaiti a madzi ka Zengamina, kamene kanamangidwa kuti kaunikile cipatala ca Kalene na midzi yozungulila. Malaiti ake ambili anali kungotayika cifukwa ogula anali ocepa. Kampani ina ya ku Kenya, Gridless, inaikapo kontena ya makompyuta okumba bitcoin kuti izigula otsalawo. Za bitcoin tingakangane tsiku lina. Cimene tikuonapo ni ndondomeko ya mzele: mudzi na cipatala coyamba, makompyuta pambuyo, ndipo anthu akafuna malaiti ambili, makompyuta ndiwo anali kuzima. Mlendo anali kudya zotsala, anali kulipila, ndipo ndalama zake zinali kuthandiza kuti mtengo wa anthu usakwele.

Makampani aakulu sangavomele kuzimilidwa conco, adzatelo ena. Cabwino, ndiye abwele na malaiti awo. Dzuwa tili nalo lambili, ndipo kuyambila 2024 malamulo amalola kampani kupanga malaiti ake n'kuwadutsitsa pa nthambo za ZESCO polipila. Kampani imene imapeza phindu la madola mabiliyoni makumi pa caka ingamange minda ya sola na mabatile okwanila njala yake, n'kuwonjezelapo ena otsalila dziko. Ikatelo tidzaiombela m'manja. Ku America komweko Microsoft inasaina pangano mu 2024 lodzutsa siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island kuti ipeze malaiti ake. Ndalama ali nazo, ndipo akapanikizidwa amazitulutsa. Amapempha zochipa kumene aona kuti boma lili na njala ya cithunzi ca nduna itanyamula fosholo.

Nthambo na sabusiteshoni yopita ku cinyumba cawo alipile okha. Msonkho wa khonsolo alipile kuyambila caka coyamba, monga amacitila mwini lodge kapena cigayo. Ndipo ngati ni mu Lusaka, kumene makomboni ambili amamwa madzi a m'zitsime na m'mabowa, ciwelengelo ca malita cilembedwe poyela asanakumbe olo dzenje limodzi.

Zonsezi zimayambila pa kuona pepala. A ku The Dalles anadikila miyezi yopyola 12 ya mlandu kuti adziwe za madzi awo, ife tinadikila zaka pafupifupi 7 kuti tione mapangano a migodi. Lomba tili na cida cimene panthawiyo tinalibe: lamulo la Access to Information, limene linasainidwa mu December 2023. ERB nayo, isanavomeleze mitengo yatsopano ya malaiti, imaitana anthu ku misonkhano kuti akambepo, ngakhale kuti mipando yambili imakhala ya anthu a mataye. Acinyamata a mabandulo ndife tifunika kudzaza mipando imeneyo. Ndipo phungu wanu kapena khansala akadzabwela pa wailesi kudzatamanda oika ndalama a zamakono, imbani foni. Musamufunse kuti kudzakhala nchito zingati, cifukwa yankho lake analikonza kale ndipo adzachula za omanga. Mufunseni kuti yuniti imodzi adzaigula zingati poyelekeza na imene inu mumagula pa foni, pangano ni la zaka zingati, ndipo Kariba ikadzatsikanso, pakati pa cinyumba cawo na komboni yanu, adzayamba kuzimilidwa ni ndani.